Kulondoloza Kufooka kwa Kaganizidwe pa Matenda a CADASIL

Chiyambi

Munthu akayamba kusokonezeka m'kaganizidwe, ambiri a ife timafulumira kunena kuti wayamba kuiwalaiwala. Mawu amenewa ndi omwe tili nawo pafupi, ndipo timawagwiritsa ntchito pa vuto lililonse la ubongo lobwera pang'onopang'ono. Komatu alipo matenda ena amene amadya kaganizidwe ka munthu kwa zaka zambiri mphamvu yake yokumbukira isanagwedezeke kwenikweni. Ena mwa matenda oterowo ndi a CADASIL, omwe amagwira timitsempha ta magazi ta mu ubongo ndipo amayenda m'magazi a banja.

M'nkhani ino ndifotokoza momwe madokotala amalondolozera kufooka kwa kaganizidwe mwa munthu wodwala matendawa. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chimayamba kuchepa ndi liwiro la kuganiza, choncho woyeza amene akungofufuza kuiwala angathe kubweza wodwala kunyumba n'kumuuza kuti ali bwino. Chakumapeto ndionetsa kuti zida zambiri zoyezera n'zopangidwa ndi mawu, ndipo pachifukwa chimenechi nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira za ziyankhulo.

Kodi CADASIL ndi matenda otani?

Dzina lakuti CADASIL ndi chidule cha mawu a Chingerezi. Tanthauzo lake ndi lakuti matenda otengera kwa makolo, a timitsempha ta mu ubongo, obweretsa sitiroko zing'onozing'ono mkati mwa ubongo ndi kuwononga gawo lake loyera. Mbiri yake inayambira ku Paris m'dziko la France. M'chaka cha 1976 dokotala wa ubongo, Marie-Germaine Bousser, analandira bambo wina wa zaka zapakati amene anadwala sitiroko popanda chifukwa chodziwika. Patapita zaka, kunaoneka kuti abale ake enanso anali ndi vuto lomwelo. Mu 1993 Bousser ndi Elisabeth Tournier-Lasserve anaonetsa kuti gwero la vutoli lili pa chromosome 19, ndipo dzina la CADASIL linabadwa chaka chomwecho. Mu 1996 Anne Joutel ndi anzake anapeza jini yeniyeniyo, yotchedwa NOTCH3.

Jini imeneyi imapanga puloteni yopezeka m'maselo a minofu amene amakuta timitsempha ta magazi. Mbali ya puloteniyi yomwe ili kunja kwa selo ili ndi timagawo 34 tofanana, ndipo kagawo kalikonse kali ndi tizidutswa 6 totchedwa cysteine, tomwe timagwirana tiwiritiwiri. Jini ikalakwika, tizidutswato timakhala 5 kapena 7, motero kamodzi kamatsala kopanda mnzake. Puloteni yoteroyo imamatirira ndi kuunjikana m'khoma la mtsempha. M'kupita kwa zaka khomalo limakhuthala, maselo a minofu aja amafa, ndipo mtsempha umalephera kutanuka kuti upititse magazi okwanira.

Kholo limodzi lokha likakhala ndi jini yolakwikayi, mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, angathe kuitenga kapena kusaitenga mofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba: theka uku, theka uko. N'chifukwa chake banja lotere limakhala ndi mbiri ya agogo, amalume kapena azakhali amene anafa ziwalo akadali ndi mphamvu.

Kuti timvetse chifukwa chake liwiro ndi lomwe limayamba kuchepa, tiyenera kudziwa kuti ubongo uli ndi magawo awiri akuluakulu. Kunja kuli khungwa lotuwa, komwe kuli maselo ogwira ntchito ya kuganiza. Mkati muli gawo loyera, lomwe ndi mitolo ya nthambo zolumikiza chigawo china cha ubongo ndi chinzake. Timitsempha todwala pa CADASIL ndi tomwe timadyetsa gawo la mkatili. Ndimakonda kuyerekeza zimenezi ndi dera limene lakumana ndi madzi osefukira. Midzi ilipo, nkhokwe zili ndi chimanga, anthu ali moyo, koma milatho yakokoloka. Uthenga umafika ndithu, koma umadzera njira yozungulira ndipo umafika mochedwa.

Ulendo wa matendawa

Kwa ambiri chizindikiro choyamba chimakhala mutu waching'alang'ala umene umabwera munthu ali ndi zaka za m'ma 20 kapena 30, ndipo kawirikawiri umayamba ndi kuona nyenyezi kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi. Pofika zaka 35, zithunzi za makina a MRI zimakhala zitayamba kuonetsa mawanga m'gawo loyera, ngakhale mwa munthu amene sakumva chilichonse. Kenako kumabwera sitiroko zing'onozing'ono zobwerezabwereza, kusintha kwa khalidwe, kuvutika kuyenda, ndipo pomaliza munthu amalephera kudzisamalira yekha.

Kafukufuku wa odwala 411 wa ku Germany, yemwe anasindikizidwa mu 2004, anapeza kuti theka la amuna linali litadwala sitiroko pofika zaka pafupifupi 51, ndipo theka la akazi pofika zaka pafupifupi 53. Zaka zapakati zomwalirira zinali pafupifupi 65 kwa amuna ndi 71 kwa akazi. Manambala amenewa anachokera ku mabanja odwala kwambiri, omwe ndi amene ankafika kuchipatala nthawi imeneyo. Mu 2016 akatswiri a ku Leiden m'dziko la Netherlands anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 300 alionse ali ndi kusintha kwa mtundu womwewu mu jini ya NOTCH3, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti cholakwika chikakhala m'timagawo 6 toyamba matenda amakula msanga kusiyana ndi chikakhala m'timagawo totsalato. Motero palibe ndondomeko imodzi ya zaka imene ingauze munthu tsogolo lake. Ngakhale ana a mimba imodzi amasiyana kadwalidwe. Njira yokhayo yodziwira kumene munthu akulowera ndiyo kumuyeza lero, kumuyezanso chaka chamawa, n'kuyerekeza.

Chimene chimayamba kufooka

Zinthu ziwiri ndi zomwe zimayamba kugwa. Choyamba ndi liwiro la kuganiza. Chachiwiri ndi luso lolinganiza zochita, monga kukonza ndondomeko, kusiya ntchito ina n'kupita pa ina, kapena kudziletsa kuchita chinthu chozolowereka pamene sichikufunika. Tiganizire mayi wogulitsa pamsika amene kale ankatha kuwerengera wogula chenji, kuyankha wina wofunsa mtengo, maso ali pa mwana. Lero akudziwabe mitengo yonse, akudziwa mayina a makasitomala ake, koma anthu awiri akamuyankhula nthawi imodzi amangoima. Palibe chimene waiwala. Zinthu zangomuchulukira.

Vuto la kukumbukira likabwera, limasiyana ndi la matenda a Alzheimer. Pa Alzheimer chinthu chatsopano sichisungika n'komwe, choncho ngakhale umukumbutse munthu sizithandiza kwenikweni. Pa CADASIL chinthucho chimasungika, koma chovuta n'kukachitenga kumene chili. Woyeza akamuuza wodwala mawu asanu n'kumufunsa patapita mphindi zingapo, mwina atchula awiri okha. Koma akamuthandiza kuti "limodzi linali dzina la chipatso", yankho limatulukira.

Palinso mphwayi. Pafupifupi odwala 4 mwa 10 alionse amataya chidwi choyamba okha chinthu chilichonse. Munthu amakhala pakhonde tsiku lonse, osadandaula, osakhumudwa, koma osanyamuka mpaka wina amuuze. Apabanja amaona ngati ndi ulesi kapena mwano, pamene gwero lake ndi nthambo zoduka zopita kutsogolo kwa ubongo.

Zida zoyezera

Mayeso odziwika kwambiri a kaganizidwe ndi a MMSE, omwe anatuluka mu 1975 ndipo ali ndi malikisi 30. Amafunsa tsiku, malo, mawu oti munthu akumbukire ndi zina zotero. Vuto lake ndi lakuti sagwiritsa ntchito wotchi, ndipo sayeza mokwanira luso lolinganiza zochita. Wodwala CADASIL amene wayamba kale kulephera ntchito yake angathe kupeza 28 kapena 29. Mayeso a MoCA, omwe Ziad Nasreddine wa ku Montreal anatulutsa mu 2005, nawonso ali ndi malikisi 30, koma amagwira bwinopo vutoli chifukwa ali ndi mafunso ofuna kulinganiza.

Chida chimene chaonetsa mphamvu kwambiri ndi chophweka modabwitsa: pepala, pensulo ndi wotchi. Dzina lake ndi Trail Making Test, ndipo chinayamba kugwiritsidwa ntchito ndi asilikali a ku America mu 1944. M'gawo A munthu amalumikiza timizere pa manambala 1 mpaka 25 omwazika papepala. M'gawo B amasinthanitsa nambala ndi chilembo, kuchoka pa 1 kupita pa A, pa 2, pa B, mpaka kumapeto. Chimene woyeza amalemba ndi masekondi. Gawo A limaonetsa liwiro, pamene gawo B limaonjezapo luso losintha maganizo. Pali mayeso enanso a mtundu womwewu. Ena amafuna kuti munthu alembe chizindikiro choyenera pansi pa nambala iliyonse nthawi isanathe. Ena ndi a John Ridley Stroop a mu 1935, pomwe dzina la mtundu limalembedwa ndi inki ya mtundu wina, ndipo munthu ayenera kutchula mtundu wa inkiyo m'malo mowerenga mawuwo. Enanso amafuna kuti munthu atchule mawu ambiri momwe angathere m'mphindi imodzi, kaya mayina a nyama kapena mawu oyamba ndi chilembo chimodzi.

Kufunika kosankha bwino chida kunaonekera poyera mu 2008. Martin Dichgans wa ku Munich ndi anzake anayesa mankhwala a donepezil pa odwala CADASIL 168 kwa milungu 18. Muyezo waukulu umene anagwiritsa ntchito unachokera ku mayeso opangidwira matenda a Alzheimer, ndipo sunaonetse kusiyana pakati pa omwa mankhwala ndi osamwa. Koma pa mayeso ena a liwiro ndi kulinganiza, kuphatikizapo gawo B lija, panaoneka kusintha pang'ono. Mankhwalawo sanavomerezedwe ngati chithandizo cha CADASIL, koma phunziro linatsala: muyezo wopangidwira matenda ena ungathe kuphonya chimene chikuchitika.

Zovuta pa kulondoloza

Kuyeza kamodzi n'kosavuta. Kulondoloza kwa zaka ndiye ntchito, ndipo pali misampha ingapo. Woyamba ndi wakuti matendawa amayenda pang'onopang'ono ndiponso modumphadumpha. Munthu angathe kukhala chimodzimodzi zaka ziwiri, kenako n'kutsika mwadzidzidzi chifukwa cha sitiroko imodzi yaing'ono. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msampha wachiwiri ndi kuzolowera. Munthu akalemba mayeso omwewo kachiwiri amachita bwinopo chifukwa akudziwa kale zofunika. Choncho malikisi akakhala osasintha, mwina ubongo watsika koma kuzolowera kwabisa kutsikako. Pofuna kuchepetsa vutoli, oyeza amasintha mapepala a mafunso ndi kusiya nthawi yotalikirapo pakati pa mayeso.

Wachitatu ndi wakuti palibe mayeso amodzi oyenera ulendo wonse. Osavuta amapatsa aliyense malikisi onse poyamba, pomwe ovuta amalephereka kwa onse kumapeto. Wachinayi ndi zinthu zina zimene zimachedwetsa munthu: dzanja lofooka ndi sitiroko, lilime lolemera, kukhumudwa, kusagona, kapena mutu waching'alang'ala wa dzulo lake. Wachisanu ndi wobisika kwambiri. Odwala amene afooka kwambiri ndi omwe amasiya kubwera kudzayezedwa, motero otsalawo amachititsa gulu lonse kuoneka ngati likuchita bwino. Pa zifukwa zimenezi dokotala wanzeru amafunsanso mkazi, mwamuna kapena mwana wa wodwalayo: kodi akuthabe kusunga ndalama, kumwa mankhwala pa nthawi yake, kuphika, kuyenda ulendo yekha?

Zimene makina amaona

Pambali pa mayeso a papepala pali zithunzi za MRI. Chimene chimayamba kukopa maso pa chithunzi ndi mawanga oyera, omwe pa CADASIL amakonda kupezeka ngakhale kutsogolo kwa zigawo za ubongo za m'mbali mwa mutu, malo amene matenda ena a timitsempha sakonda kufikako. Komabe kuchuluka kwa mawangawa sikugwirizana kwenikweni ndi momwe munthu akuganizira. Zimene zimagwirizana kwambiri ndi timaenje totsala pamene panachitika sitiroko yaing'ono, ndiponso kunyala kwa ubongo wonse. Malo a kadzenje nawonso ndi ofunika. Kamodzi kokha kokhala pa nthambo zolumikiza pakati pa ubongo ndi kutsogolo kwake kangathe kuwononga kuposa tingapo tokhala pena, monga momwe mlatho umodzi wa pamsewu waukulu umaposera timilatho tambiri ta kumunda.

Hugues Chabriat wa ku Paris ndi anzake a ku Munich analondoloza odwala 290 kwa zaka 3, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Anapeza kuti kuchuluka kwa timaenje ndi kusuta fodya kunkalosera sitiroko yatsopano, ndiponso kuti kusuta, kulumala kumene munthu ali nako kale ndi kunyala kwa ubongo kunkalosera kufooka kwakukulu kwa kaganizidwe. Chaka chomwecho akatswiri a ku Munich anatulutsa muyezo wotchedwa PSMD, umene umaona momwe madzi amayendera m'nthambo za ubongo. Nthambo zikawonongeka madzi amamwazika momasuka, ndipo muyezowu unagwirizana kwambiri ndi liwiro la kuganiza. Palinso puloteni yotchedwa neurofilament light, yomwe imatayikira m'magazi nthambo zikamawonongeka, ndipo imayezedwa ndi magazi otengedwa pamkono. Zonsezi zimathandiza, koma chithunzi sichingauze dokotala ngati munthu akuthabe kuphunzitsa kalasi yake. Pamafunikabe kukhala naye pansi ndi kumufunsa.

Mbali ya chiyankhulo

Apa ndi pamene ndikuona ntchito yathu. Akatswiri amaphunzira CADASIL mwakhama chifukwa ndi chitsanzo choyera cha matenda a timitsempha ta mu ubongo, omwe mtundu wake wofala umabwera ndi ukalamba ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Choncho mayeso amene ndafotokozawa ndi ofunikanso kwa anthu oyankhula Chichewa, ndipo kungowamasulira liwu ndi liwu sikokwanira.

Titenge mayeso otchula mawu oyamba ndi chilembo chimodzi. MoCA ya Chingerezi imagwiritsa ntchito F, ndipo imafuna mawu 11 kapena kuposerapo m'mphindi imodzi. M'Chichewa tili ndi fodya, fisi, fupa, fulu, fumbi, funso, fuko ndi ena, koma sachuluka ngati a Chingerezi. Tikasankha K, munthu angondandalika kudya, kumwa, kugona, kulima osapuma, chifukwa aneni onse angayambe ndi ku-. Tikasankha M kapena Ch, magulu a mayina amupatsa mawu ambirimbiri. Nambala ya 11 ilibe tanthauzo kufikira wina atawerenga momwe Achewa athanzi amachitira pa chilembo chimene chasankhidwa.

MMSE ili ndi funso lotchula chobwerera zilembo za liwu la Chingerezi lotanthauza dziko. Mwamwayi liwu lathu lakuti dziko lilinso ndi zilembo zisanu. Koma dz ndi liwu limodzi m'kamwa, ndipo ambiri tinaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo, choncho munthu angayankhe kuti "ko-dzi". Kodi walakwa? Manambala nawonso ali ndi nkhani yake. Zinadziwika kale kuti kuchuluka kwa manambala amene munthu angasunge m'mutu kumadalira kutalika kwa mayina ake. Kunena kuti "zisanu ndi zinayi" kumatenga nthawi kuposa "naini", choncho woyeza ayenera kusankha njira imodzi ndi kuisunga chaka ndi chaka. Mayeso a Stroop amafuna munthu wowerenga mosaganizira, komanso mayina a mitundu afupiafupi, pamene ife timati chofiira, chobiriwira, chachikasu. Gawo B lija limafuna munthu woloweza ndondomeko ya zilembo. Agogo amene sanapite kusukulu angalephere mayeso onsewa ubongo wawo uli bwinobwino.

Njira zina zilipo kale. Mayeso a Color Trails amasinthanitsa mitundu iwiri m'malo mwa zilembo. Mayeso a IDEA, omwe anakonzedwa m'boma la Hai ku Tanzania, anapangidwira anthu osadziwa kuwerenga, ndipo amagwiritsa ntchito mayina a nyama ndi kuyala timitengo ta machesi. Palinso funso la mawu ofotokozera matendawo kwa banja. Tikati vuto lili mu jini, kuchulukitsa kwake kumakhala majini, liwu limene kwa anthu ambiri limatanthauza mizimu yoipa. Banja limene achibale ake akhala akufa ziwalo motsatizana lingakhale likuganizira kale za ufiti, ndipo liwu limodzi losasankhidwa bwino lingathe kutsimikizira mantha amenewo.

Mawu omaliza

Wina angafunse kuti kulondoloza kuli ndi phindu lanji pamene mankhwala ochiza CADASIL palibe. Phindu lilipo. Wodwala amene waona manambala ake amakhala ndi chifukwa chosiyira fodya ndi kusamala kuthamanga kwa magazi. Banja limadziwa nthawi yoyenera kukambirana za kuyendetsa galimoto, za ntchito ndi za chuma, mwini wake akadali wotha kunena zofuna zake. Mkazi amene wauzidwa kuti mphwayi za mwamuna wake ndi matenda amasiya kumukalipira. Ana akuluakulu amasankha okha, atalandira uphungu, ngati akufuna kuyezetsa magazi kapena ayi, pakuti ana aang'ono opanda zizindikiro sayezedwa. Ndiponso mankhwala atsopano akadzapezeka, adzadziwika kuti akugwira ntchito pokhapokha ngati pali muyezo wokhulupirika.

Muyezo umenewo uyenera kuyang'ana liwiro ndi kulinganiza, ubwerezedwe kwa zaka, uyerekezedwe ndi zithunzi za ubongo ndi umboni wa apabanja, ndipo uchitike m'chiyankhulo chimene munthuyo amaganizira. Mbali yomalizayi madokotala sangaithe okha. Pakufunika anthu odziwa magulu a mayina, maphatikizo ndi kawerengedwe ka Achewa kuti asankhe zilembo, ayese mawu pa anthu athanzi a misinkhu ndi maphunziro osiyanasiyana, ndi kupeza mawu ofotokozera matenda popanda kuopseza. Ndikukhulupirira kuti ena mwa ife amene tikufunafuna mitu ya kafukufuku tingayambire pamenepa.